Wamalonda asasunge ngongole zake m'foni imodzi yokha

Amalonda ambiri a pa Kamwendo, Kapiri, Mkanda ndi pa boma la Mchinji anasiya kope n'kumasunga zonse m'foni: mayina a angongole, zithunzi za malisiti, mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba. Vuto ndi lakuti zonsezi zimakhala pamalo amodzi. Foni ikabedwa tsiku la msika, amene anatenga matumba a soya pangongole amangofunsa kuti umboni uli kuti, ndipo ndalama zapita.

Owolotsa katundu pa malire a Mwami kupita ku Chipata ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Mafomu a COMESA a amalonda ang'onoang'ono ndi malisiti a msonkho ndiwo umboni wawo pakabuka mkangano, komatu malisiti otuluka m'makina sachedwa kufufutika. Ayenera kujambulidwa tsiku lomwelo.

Kujambula kokha sikukwanira. Chithunzi chosochera pakati pa zithunzi za ukwati chili ngati chotayika. Wamalonda atsegule mafoda atatu: Ngongole, Malisiti ndi Zapamalire. Dzina la fayilo liziyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, monga 2025-05-14 mtedza Chipata, kuti mafayilo azindandalikika okha motsatira masiku.

Kenaka zonse zikhale pamalo atatu: m'foni kapena pakompyuta, pa flash yosungidwa kunyumba, ndi pa intaneti. Aliyense amene ali ndi Gmail ali ndi malo aulere a 15 GB pa Google Drive. Pasiwedi ilembedwe papepala lobisidwa bwino, chifukwa ikaiwalika, zosungidwazo zingavute kutsegulidwa pafoni yatsopano. Flash yamalonda isalowe m'makompyuta okopera nyimbo, mmene mavairasi amafalikira.

Ena amati bandulo ndi yodula. N'zoona, koma kutumiza zithunzi zochepa kamodzi pa sabata sikungafike pa mtengo wa thumba limodzi la chimanga lokanidwa ndi wangongole.

Fayilo ikafufutidwa mwangozi pa memori khadi, khadilo lichotsedwe pomwepo. Nthawi zambiri fayiloyo imakhala ikadalimo mpaka china chitalembedwa pamalo pake, choncho wokonza mafoni angathe kuibweza.

Kamodzi pa mwezi, wamalonda atsegule flash ndi Google Drive, aone ngati risiti la mwezi watha likutseguka. Ngati silikutseguka, akonze tsiku lomwelo, foni ikadali m'manja.