Musataye katundu chifukwa cha kapasita

Inu ogulitsa mawailesi ndi ma TV ogwiritsidwapo kale ntchito, wailesi ikamang'ung'uza kapena TV ikamachedwa kuyaka, musathamangire kuigulitsa motaya. Kawirikawiri vuto limakhala kapasita yosalaza magetsi olowa. Ikatopa imatupa pamwamba kapena kuchucha, ndipo kuisintha sikudula.

Koma musalole wokonza aikemo iliyonse imene watola. Magetsi a ESCOM ndi 230V, ndipo mkati mwa TV amafika pafupifupi 325V, choncho kapasita yaikulu ikhale ya 400V kapena 450V. Yolembedwa 105°C imapirira kutentha kuposa ya 85°C. Mukaumira pamenepa, kasitomala abwera nayo TV ija atakwiya.

Chenjerani: kapasita imasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi. Musaigwire ndi manja.