Tisamangotamanda Maravi, Tifunse Chinaugwetsa

Timakonda kunyadira ufumu wa Maravi, koma sitifuna kufunsa kuti unagwa bwanji. Ine ndikuti tifunse, chifukwa matenda omwewo akadali m'nyumba mwathu.

Mu 1616 Mpwitikizi Gaspar Bocarro anachoka ku Tete wapansi mpaka ku Kilwa, nadutsira kwa mfumu Muzura wa ku Maravi. Ananyamula siliva wa ku Chicova woti akamuonetse mfumu yake, Philip III wa ku Spain, amene ankalamuliranso Portugal. Banja lachifumu limenelo linali litasambira kale m'siliva wa ku Potosí kuyambira 1545, komabe linalephera kubweza ngongole mu 1557, 1575, 1596 ndi 1607. Siliva ankangofika, n'kupitirira kwa obwereketsa ndalama a ku Genoa ndi kwa asilikali omenya nkhondo ku Netherlands. Nsalu zambiri anthu a ku Spain ankagula kunja, amisiri akwawo akulowa pansi.

Kwathu siliva wake inali minyanga ya njovu. Mafumu ankaigulitsa yosasema n'kulandira nsalu ndi mikanda, ndipo mphamvu ya Kalonga, mfumu yaikulu ya Maravi, inagona pa kugawira zinthuzo mafumu ang'onoang'ono. M'zaka za m'ma 1700 amalonda achiyao ndi Apwitikizi anayamba kugula mwachindunji kwa mafumu a m'madera. Nanga Kalonga wa ku Mankhamba akanamugwadiranso ndani? Pofika m'ma 1860, pamene Kalonga Sosola anaphedwa, ufumuwo unali utatsala dzina lokha. Chomvetsa chisoni n'chakuti Amaravi anali akatswiri osula makasu ndi kuomba nsalu za thonje. Luso linalipo, koma mpando unadalira katundu wobwera.

Lero zinthu zili chimodzimodzi. Kuno ku Upanga, ku Dar es Salaam, msika wa Kariakoo suli patali. Pitani m'mawa mukaone amayi a ku Mzuzu ndi Lilongwe akumanga mabelo a zitenje, nsapato ndi mapoto, ndalama zawo atasintha movutikira. Sindikuwadzudzula, akudyetsa ana. Ndikudzudzula atsogoleri amene kwa zaka 60 atisiya tikugulitsa fodya wamasamba n'kumagula chilichonse kunja.

Tsopano akutiuza kuti migodi itipulumutsa. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009, mu 2014 n'kuima. Anthu a ku Karonga anatsala ndi chiyani?

Aphungu athu, mapangano onse a migodi, wa Kangankunde ndi wa Kasiya womwe, ayikidwe poyera kuti aliyense awerenge, ndipo lamulo linene gawo la ndalamazo lomwe lizipita ku mafakitale, magetsi ndi sukulu za ntchito zamanja.