Malamulo a malo asatidzere ngati malimidwe a atsamunda

Alimi anzanga, nkhani ya malo ikabuka pabwalo kuno ku Ntcheu, mawu omwe sachedwa kumveka ndi akuti: "Munda uwu ndi wa makolo anga, palibe woti n'kundiuza chochita." Mawuwa ali ndi choonadi chake. Koma madzi a mvula sadziwa malire a munda. Amene walima mizere yotsetsereka pamwamba pa phiri ku Tsangano, matope ake amakakwirira dimba la mnzake kumunsi, ndipo amene wagwetsa mitengo kumutu kwa mtsinje amaumitsa mpopi wa munthu yemwe sanakumanepo naye n'kale lonse. N'chifukwa chake ine ndili kumbali ya iwo amene akuti malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka malo ngofunika. Pomwe ndikusiyana nawo m'pa njira yomwe malamulowo amafikira kwa mlimi.

Boma lathu lino lili ndi mbiri yomwe aliyense wolemba malamulo a nthaka ayenera kuidziwa. Mu 1946 atsamunda anakhazikitsa lamulo loteteza zachilengedwe, lomwe linapereka mphamvu yokakamiza alimi kulima mizere yopingasa, kuumba milambala ndi kuleka kulima m'mphepete mwa mitsinje. Wolakwira ankalipitsidwa chindapusa kubwalo la mfumu, ena ankatsekeredwa, ndipo ena ankawazulira mbewu m'munda. Anthu anazitcha zonsezi malimidwe, ndipo anadana nazo kwabasi.

Mu 1953, pamene azungu ankatikakamiza kulowa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi ya Makhosi Philip Gomani wa ku Lizulu anauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo a malimidwewo. Boma linawachotsa pampando, ndipo apolisi atabwera kudzawatenga, iwo anawolokera ku Mozambique pamodzi ndi mbusa wachingerezi Michael Scott. Apwitikizi anawabweza, ndipo mu 1954 anamwalira ali pachipatala cha Malamulo, kutali ndi anthu awo. Taonani tsono: nzeru ya mizere yopingasa sinali yoipa ayi, umboni wake ngwakuti lero pafupifupi mlimi aliyense amalima mizere popanda womuopseza. Chomwe chinaipa n'chakuti nzeruyo inabwera ndi chikoti, kuchokera kwa anthu omwe sanafunse mwini munda kalikonse.

Titalowa m'ndale za zipani zambiri mu 1994, ena mwa ife tinagwera kumbali inayo. Ufulu tinaumva ngati chilolezo cholowa m'nkhalango ndi nkhwangwa, kutsegula minda m'mapiri ndi kutentha tchire posaka mbewa. Mafumu ena anayamba kuopa anthu awo, ena n'kuyamba kugawa malo omwe makolo ankawasiya dala. Zotsatira zake tinaziona ndi maso athu ku damu la Mpira.

Damu limeneli lili m'nkhalango ya Mvai, yomwe yakhala yotetezedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1920, monganso nkhalango ya Dzonzi. Linamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990 kuti madzi ake aziyenda okha m'mapaipi kutsikira ku midzi yambiri ya Ntcheu, ku tawuni ya Balaka ndi madera ozungulira. Mu 2018 damuli linaphwa, mipopi n'kukhala gwa. Zoona mvula sinagwe bwino, koma chilala chinapeza damu litadwala kale. Phiri likakhala ndi mitengo ndi udzu, madzi a mvula amalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka m'chilimwe. Phiri likametedwa mpala, madzi onse amathamanga tsiku limodzi atasenza dothi, n'kukalitula m'damu. Malo omwe munayenera kukhala madzi mumakhala matope. Amene anasauka ndi amayi otunga madzi ku Balaka, omwe sanadulepo mtengo ngakhale umodzi ku Mvai.

Vutoli si la ku Mvai kokha. Kafukufuku yemwe boma linachita mothandizana ndi bungwe la FAO, wotuluka mu 2016, anapeza kuti dziko lino limataya matani pafupifupi 29 a dothi pa hekitala iliyonse chaka chilichonse. Tikawerengera m'matumba a makilogalamu 50, amenewo ndi matumba 580 a dothi la pamwamba, lomwe ndiye lili ndi chajira. Feteleza yemwe mwamugula modula amapita nalo limodzi. Dothi la kuno likalowa mu Rivirivi kapena mu Lisungwi limakathera mu Shire, komwe limakasokoneza makina opangira magetsi. Pamene dothi likutha, anthu tikuchuluka. Kalembera wa 1998 anapeza anthu pafupifupi 370,000 m'boma la Ntcheu, pomwe wa 2018 anapeza oposa 650,000. Malo ndi omwewo. Pamene pali anthu ambiri chotere, kukhala opanda malamulo n'kulola kuti wamphamvu adye zonse.

Malamulowo alipo kale, kungoti ambiri sitinawamve m'chinenero chathu. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a malo, ndipo ena mwa iwo anakonzedwanso mu 2022. Lamulo la malo a makolo, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, limati kwa gulupu aliyense kukhale komiti yoona za malo. Wapampando ndi a gulupuwo, ndipo anthu amasankha mamembala ena asanu ndi mmodzi, osachepera atatu mwa iwo akhale amayi. Munthu, banja kapena gulu lingathe kulembetsa munda wake n'kulandira chiphaso. Mikangano imayambira kubwalo la malo lotsogoleredwa ndi mfumu yaikulu, ndipo wosakhutira ali ndi ufulu wopita nayo patsogolo.

Lamulo la mapulani la chaka chomwecho linaika dziko lonse pansi pa mapulani, osati mizinda yokha monga kale. Izi zikutanthauza kuti kumanga sitolo, chigayo kapena malo ogona alendo pa Lizulu, pa Kampepuza kapena pa Bawi kumafuna chilolezo, monganso kusandutsa munda kukhala mapoloti. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso. Koma lamulo lomwelo limapatsanso midzi mwayi wokhala ndi nkhalango yakeyake yoyang'aniridwa ndi komiti ya m'mudzi, ndiponso wopangana ndi Dipatimenti ya Zankhalango za momwe anthu angapezere nkhuni, bowa, udzu ndi uchi m'nkhalango ya boma popanda kuiwononga. Nayo ndondomeko ya malo ya 2002 inanena poyera kuti madambo ndi malo odyetsera ziweto m'chilimwe ndi a anthu onse, si a munthu mmodzi.

Papepala zonsezi n'zabwino. Dandaulo langa loyamba ndi lakuti mlimi amakumana ndi lamulo tsiku lomwe walakwa. Pa ntchito yanga ndimayenda m'midzi yambiri, ndipo ndikafunsa kuti ndani anawerengapo kapena kuwerengeredwa lamulo la malo, manja omwe amakwera ngochepa zedi. Ambiri anangomva mphekesera zoti boma likufuna kulanda minda kapena kukhometsa msonkho pa munda uliwonse. Munthu wamantha salembetsa malo, ndipo sadzala mtengo pa nthaka yomwe akuganiza kuti mawa alandidwa.

Dandaulo lachiwiri ndi la mtunda. Munthu wa ku Kasinje kapena ku Tsangano wofuna chilolezo ayenera kusiya khasu, kulipira ulendo wa ku boma, ndipo akakapeza kuti wosayina watuluka, abwerere n'kudzayambanso tsiku lina. Chilolezo chikakhala chovuta kupeza chotere, anthu oona mtima amafooka, ndipo ochenjera amapeza khomo la kuseri. Pamapeto pake onse amamanga popanda pepala, n'kumayembekeza kuti palibe adzafunse.

Dandaulo lachitatu ndiye lowawa. Lamulo limaluma wosauka, n'kumanyambita wolemera. Tonse taonapo wanjinga atalandidwa matumba awiri a makala pamsewu wa M1, galimoto yodzaza makala omwewo n'kudutsa pomwepo. Taonapo mayi akuthamangitsidwa chifukwa cha mtolo wa nkhuni, pomwe wandalama akuthira miyala m'dambo n'kumangapo nyumba ya njerwa zootchera mitengo ya chilengedwe. Mlimi sapusa. Akaona zotere amati lamuloli si langa, ndipo amaliswa mtima uli m'malo. Umu ndi momwe malimidwe anafera.

Ena adzati ndikuwiringulira anthu owononga. Iyayi. Wolima mbatatesi kumutu kwa kasupe m'nkhalango ya Mvai achoke, ngakhale atakhala mbale wa mfumu. Koma tizifunsanso chomwe chamupititsa kumeneko. Kawirikawiri ndi mnyamata yemwe kwawo munda unagawidwa mpaka kutsala kachigamba, ndipo m'phirimo ndimo muli nthaka ya chonde yomwe yatsala. Mukangomuthamangitsa osamuonetsa njira ina, abwerera usiku. Kumutulutsa kuyende limodzi ndi kumuthandiza kubwezeretsa chonde m'munda wa kwawo, kapena kumuika m'gulu la njuchi ndi nazale za mitengo lomwe lili ndi pangano ndi a zankhalango.

Tsono pempho langa kwa khonsolo ya Ntcheu ndi ili. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linakupatsani mphamvu yopanga malamulo a m'boma lino. Musawalembere mu ofesi. Pitani kwa Inkosi Gomani, kwa a Njolomole, a Kwataine, a Mpando, a Champiti, a Ganya, a Makwangwala ndi mafumu ena onse, ndipo mudzi uliwonse ujambule mapu ake pansi, anthu akuona: apa ndi manda, apa ndi dambo, apa ndi podyetsera ng'ombe, apa ndi kasupe, apa m'pomanga. Malire omwe anthu aika okha amawalondera okha. Malamulowo alembedwe m'Chichewa ndipo awerengedwe m'misika, m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Mtengo wa chilolezo chilichonse ndi masiku oyembekezera zimatidwe pakhoma poti aliyense aone, ndipo ndalama iliyonse ituluke ndi lisiti. Ogwira ntchito za malo akhale ndi masiku odziwika okakhala ku Nsipe, Kandeu, Bilira, Manjawira, Sharpevale ndi Tsangano, kuti ofesi ndiyo izitsata mlimi.

Pa nkhani yolembetsa minda pafunika maso. M'midzi yambiri kuno munda umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi, ndipo bambo amakhala mkamwini. Ngati chiphaso chingalembedwe m'dzina la bambo yekha chifukwa choti ndiye anapita ku msonkhano, tidzakhala titalanda amayi malo pogwiritsa ntchito lamulo lomwe linabwera kudzawateteza. Komanso mkamwini yemwe sadziwa ngati adzadye zipatso za mtengo, sadzala mtengo. Mabanja akambirane nkhaniyi pamaso pa eni mbumba, oyeza malo asanafike. Amayi atatu a m'komiti aja asakhale ongodzaza mpando.

Tisaiwalenso kuti mbali ya kuzambwe tachita malire ndi Mozambique. Pa Lizulu msewu ndiwo malire, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri ndi apachibale. Moto wolusa ndi malonda a makala sizionetsa chiphaso pa Biriwiri. Mafumu a kuno ndi anzawo a ku Angonia akhoza kumvana pa za kutentha tchire ndi kusamala akasupe mwachangu kuposa momwe makalata a maboma awiri angayendere.

Nafenso alimi tili ndi mbali yathu, ndipo iyi siidikira chilolezo cha wina aliyense. Musanaunde mizere chaka chino, itanani mlangizi akuthandizeni kuyeza akalozera kuti mizere yonse itsate kupingasa kwa malo. Pa akalozerapo dzalani udzu wa vetiva mothithikana, chifukwa mizu yake imalowa pansi kwambiri ndipo sufalikira m'munda. Ikani ngonyeka m'makwawa a mizere kuti madzi aime n'kulowa pansi. Mapesi musatenthe. Msangu womera wokha m'munda usiyeni, poti umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba chimanga koma umachidyetsa. Amene muli ndi dimba, siyani mpata pakati pa bedi lomaliza ndi mtsinje, ndipo mumpatamo mukhale bango, nsungwi, nthochi kapena nsenjere zodyetsa ziweto. Mizere ingapo yomwe mwataya pamenepo ndi yomwe idzasunge dimba lonse tsiku lomwe mtsinje udzasefukire. Chigumula chikangoyamba, chitsekeni ndi miyala ndi zikhomo chikadali chaching'ono, ndipo muuze mnansi wa kumtunda, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Damu la Mpira linatitsina khutu mu 2018. A khonsolo abwere ndi lamulo lomveka, lofikirika ndi losakondera, ife tibwere ndi makasu athu ndi mbande. Mbali imodzi ikalephera, ana athu adzalandira ziphaso zokongola za minda yomwe dothi lake linapita kale ku Shire.