Mulungu sathima ndi malaiti

Kuno ku Lilanda, komboni ya mu Lusaka, malaiti akabwera simufunika kuyang'ana babu. Mumamvera ana akukuwa mumsewu, mawailesi amene anthu anaiwala kutseka amayambira pamodzi, ndipo wometa tsitsi amasiya nsima pambale n'kuthamangira ku kantemba kake. Zimenezi ndinazizolowera ndipo zimandikondweretsa. Chimene chandikhala pamtima sabata ino ndi mawu a mayi wina wa nyumba yoyang'anana ndi yathu, mayi wopemphera, wa chigwirizano. Babu itangoyaka anaomba m'manja nati, "Zikomo Ambuye, lero mwatikumbukira!"

Mwatikumbukira? Ndiye kuti maola onse aja tinkapemerera mbaula mumdima, Iye anali atatiiwala? Anali atapita kuti, ku Kabulonga kumene kuli majenereta ndi masola padenga?

Mwina munena kuti ndikukulitsa kankhani, mayiwo amangoyamika. N'zoona, ndipo kuyamikako sindikukutsutsa. Koma pakamwa pamatuluka zimene mtima unaphunzitsidwa, ndipo ambirife tinaphunzitsidwa kuti Mulungu amabwera pamodzi ndi zabwino, zikachoka nayenso wachoka. Chiphunzitso chimenechi chimapha anthu mitima, chifukwa m'komboni masiku a zabwino ndi owerengeka.

Chikanakhala choona, bwenzi mu 2024 Zambia yense ali wamasiye. Mvula inadula chimanga chisanakhwime, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga amene anadzalidwa, pafupifupi 1 miliyoni anapserera. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika mwakuti pofika September makina ambiri opukusa magetsi anali ataima, ndipo ife tinkawaona malaiti maola atatu patsiku, kawirikawiri pakati pa usiku, tsiku lina osawaona n'komwe. Owotcherera zitsulo ankagona pamalo awo a ntchito kuti akayaka awapeze ali pomwepo. Nkhuku ndi nsomba zogulitsa zinkaonongekera m'mafiriji. Malasha anakwera mtengo, ndipo mabanja amene kale ankagula thumba la ufa anatsikira pa pamela, kapaketi kakang'ono ka ufa. Inu amene munali kuno mukudziwa kuti sindikuwonjezera.

Koma mukudziwanso zina zimene zinkachitika mumdima womwewo. Moto wa mbaula imodzi unkayatsa mbaula za mzere wonse. Amene watunga madzi ankagawirako chigubu chimodzi nkhalamba ya pafupi. Mayi yemwe uja wa "mwatikumbukira" ndinamuona ndi maso anga akugawa pamela wake pawiri chifukwa ana a mnzake anali atagona ndi njala dzulo lake. Ine sindikayika kuti Mulungu anali pakhomo pamenepo madzulo amenewo, babu ili chithimire.

Apa ndiye ndifike pa nkhani yanga yakale, imene anzanga akuti ndimaibwereza kwambiri: nthawi ya umboni m'mipingo yathu. Taonani amene amaimirira. Uyu wapeza ntchito. Uyu wagula galimoto. Uyu mwana wake wapeza malo ku yunivesite ya UNZA. Timaomba m'manja, ndipo tiyenera kutero. Koma pabenchi yakumbuyo pali bambo amene anachotsedwa ntchito kalekale, wasala kudya, wapereka chakhumi pa ndalama ya maganyu, ndipo palibe chasintha. Pali mtsikana amene wapempherera mayi ake odwala mpaka mawu kusasa, mayiwo n'kumwalirabe. Anthu amenewa amamvera maumboni sabata ndi sabata, kenaka amadziuza okha mumtima kuti Mulungu anawadumpha. Sitinawauze ndi pakamwa, koma tinawauza ndi amene timawapatsa mayikolofoni. Ena a iwo amasiya kubwera, ndiye ife timati abwerera m'mbuyo. Ena amatsatira zikwangwani zija zomatidwa pamitengo ya magetsi, zolonjeza kuti usiku umodzi wokha mavuto onse atha, ndipo amabwerako ndi kabotolo ka mafuta, ndalama ya ndiwo itatsala komweko.

Ndili ndi chilonda pa nkhani imeneyi, ndipo sichinapole. Kolera inayamba mu Lusaka mu October 2023. Pofika January 2024 odwala anachuluka mwakuti bwalo la mpira la National Heroes linasandutsidwa chipatala, masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka February, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 700 anamwalira. Abale ankaima kunja kwa bwalolo kudikira kumva ngati wawo akadali moyo. Mayi wina wa m'dera lathu anataya mwana masiku amenewo. Patapita masiku angapo kunabwera munthu wa Baibulo m'khwapa, nakhala pampando, namuuza kuti, "Amayi, fufuzani bwino m'moyo mwanu, pali khomo limene munasiya lotsegula." Ndinali pomwepo. Mayiyo sanayankhe, anangozyolika.

Khomo lanji? Lusaka anamangidwa pamwala wa laimu wokhala ndi mphako ndi ming'alu, ndipo madzi apansi ali pafupi. Mvula ikagwa, za m'zimbudzi zokumba zimalowa m'zitsime zosaya, ngalande zimasefukira, komboni ya Kanyama imamira. Kolera imadzera mmenemo, m'madzi akumwa ndi m'chakudya, ndipo inadzeranso mmenemo mu 2017 ndi 2018, pamene asilikali anatuluka kukachotsa zinyalala m'tauni ndipo ku Kanyama anthu analetsedwa kuyenda usiku. Kachilomboka sikafunsa ngati munthu amapemphera. Kusenzetsa namfedwa mlandu wa ngalande ndi nkhanza, ndipo kuichita m'dzina la Mulungu ndi nkhanza iwiri.

Munthu wa Baibulo uja akanatsegula buku la Yobu akanadzipezamo. Anzake atatu a Yobu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, atamva za tsoka lake anabwera n'kukhala naye pansi masiku asanu ndi awiri, usana ndi usiku, osanena kanthu. Mpaka pamenepo anali abwenzi enieni. Zinaipa atayamba kufotokoza, aliyense akufufuza tchimo limene Yobu ayenera kuti anachita. Kumapeto kwa bukulo Mulungu anakwiyira iwowo, ofotokozawo, pamene Yobu amene analira, kudandaula ndi kufunsa mafunso olimba ndiye anasankhidwa kuti awapempherere. Nkhani imeneyi ili m'Baibulo lililonse la m'komboni muno, kaya ndi Buku Lopatulika la 1922 limene makolo athu ankawerenga, kaya ndi Buku Loyera. Timangoidumpha chifukwa sikoma pachikwangwani.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti amayi athu amaidziwa nkhaniyi osaiwerenga. Pitani pamaliro alionse ku Lilanda, ku George kapena ku Matero. Amuna ali panja akuwotha moto m'tenti, amayi ali m'nyumba, mipando yatulutsidwa, agona pansi mothinana ndi wofedwa. Salalikira. Wina akamba kankhani, wina ayambitsa nyimbo pakati pa usiku, wina adzuka m'mamawa kukoleza moto wa phala. Mbale ya chipepeso iyenda, ndipo amene alibe kanthu abweretsa nkhuni kapena kabichi. Mawa lake akwera lole kuperekeza ku manda a Chingwere, abwerako fumbi lili m'maso, n'kukhalanso. Wamasiye akadzati patapita zaka, "Mulungu sanandisiye," kawirikawiri amakhala akukumbukira msana wa mnzake umene anatsamira usiku umenewo. N'chifukwa chake kolera inatipweteka kawiri: inatenga anthu, inaletsanso kusonkhana pamaliro awo. Komabe amayi a mphakati ndi a chigwirizano ankafika pakhomo la mayi wofedwa uja mmodzimmodzi, kusiya sopo, klorini ndi kaufa, n'kuima naye pang'ono pabwalo.

Ambuya anga a ku Katete ankakonda mwambi wakuti sunga khosi, mkanda uoneka. Ndimaukonda kuposa miyambi yonse, chifukwa umagawa ntchito molungama. Mkanda uli ndi mwini wake ndi nthawi yake. Lako ndi khosi: kudya pang'ono pamene pali pang'ono, kumwa mankhwala, kuwiritsa madzi, kudzuka n'kusesa pakhomo ngakhale mtima ukulemera, kukana chingwe ndi kachasu. Ife tasandutsa tchalitchi sitolo ya mikanda, ndipo taiwala kuti munthu amene wasunga khosi chaka chathunthu cha njala walandira kale chozizwitsa chachikulu. Mphamvu yosungira khosiyo imachokera kuti? Funsani amene anaisowapo n'kuipezanso, akuuzani kuti sinali yawo.

M'Baibulo lonse, munthu amene amandionetsa bwino chiyembekezo chimenechi ndi Yeremiya. Ankhondo a ku Babulo anali atazinga Yerusalemu, iye mwini ali wotsekeredwa m'bwalo la alonda chifukwa chonena zosakondweretsa mfumu. Pamenepo m'bale wake anabwera kudzamugulitsa munda wa ku Anatoti, m'dziko limene linali kugwa m'manja mwa adani. Yeremiya anagula. Anayeza masekeli 17 a siliva, anaitana mboni, nalamula kuti makalata a mundawo asungidwe mu mbiya kuti akhalitse. Mzindawo unagwabe, kachisi anatenthedwa, ndipo Yeremiya anatengedwa kupita ku Igupto. Sanalonjeze aliyense kuti mavuto atha usiku womwewo, ndipotu amene ankalonjeza mtendere wamsanga anali aneneri onama amene iye ankalimbana nawo. Anangochita chinthu cha munthu wokhulupirira kuti Mulungu akadalipo ndipo m'dzikomo mudzalimidwanso. Mayi amene amalipirira mwana yunifolomu pa ndalama ya tomato, wosadziwa ngati mwanayo adzapeza ntchito, ndi mlongo wake wa Yeremiya.

Monga dziko timadziwa kutchula dzina la Mulungu mokweza. Pa 29 December 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 2015, kwacha itagwa ndi magetsi akuvuta, Pulezidenti Edgar Lungu anakhazikitsa 18 October kukhala tsiku la mapemphero. Kupemphera pamodzi n'kwabwino ndipo ine ndimapita. Koma dziko lotchedwa ndi dzina la Khristu liyenera kuchita manyazi kuti ana ake akumwabe madzi a pafupi ndi chimbudzi. Amene ali ndi udindo wokumba ngalande ndi kukoka mipope asabisale kumbuyo kwa pemphero, pakuti mayi wa ku George akamapempha kuti mwana wake asadwale, yankho lina la pempherolo lili patebulo lawo.

Kwa abusa athu ndi akulu a mpingo ndili ndi pempho limodzi. Abusa, nthawi ya umboni ikakwana Lamulungu likubwerali, oyamika za ntchito ndi galimoto akatha, itananinso amene akadali pakati pa mavuto ndipo akufuna kulankhula. Musawakakamize kumaliza ndi nkhani yokoma. Bambo wa pabenchi yakumbuyo uja akaima n'kunena kuti ntchito sanaipezebe, lendi yamukulira, koma wadzuka ndipo wabwera, mpingo umuyankhe monga umayankhira wa galimoto, kenaka akulu amufunse potuluka kuti kunyumba kwatsala ufa wa masiku angati.