Wosewera akaberedwa, mabwana asamabisale

Pa 30 Sepitembala 2014, pa masewera a Asian Games mumzinda wa Incheon ku South Korea, katswiri wa nkhonya wa ku India, Sarita Devi, anakumana ndi Park Ji-na, mwana wa pakhomo, mu semifainolo ya amayi olemera makilogalamu 60. Ambiri amene anaonera anaona kuti Sarita ndiye anali pamwamba, makamaka m'zigawo zomalizira. Koma majaji onse atatu anapereka chipambano kwa Park. Mawa lake, pa mwambo wopereka mamendulo, Sarita anakana kuweramitsa mutu kuti amuveke mendulo ya bronze. Anailandira m'manja uku akulira, n'kupita kukamuveka Park m'khosi.

Izi ndi zimene dziko linaona pa kanema. Chimene chimandiwawa ine chinachitika dzulo lakelo, nkhonya itangotha. Kuti munthu apereke dandaulo pankafunika madola 500. Nyuzipepala za ku India zinalemba kuti ndalamayi inachita kusonkhedwa, mtolankhani wina n'kuthandizapo, pamene akuluakulu amene anapita ndi gulu la India sankaoneka. Tangoganizani. Dziko la anthu oposa biliyoni limodzi, mabwana okwera ndege pa ndalama za boma, koma mayi amene wangotuluka kumene mu ring'i, thukuta lili kamukamu, akuyendayenda kusaka ngongole. Dandaulolo analikana, chifukwa malamulo a bungwe loyendetsa nkhonya la AIBA sankalola kutsutsa zimene majaji agamula. Mu Disembala chaka chomwecho, bungweli linamuletsa kumenya nkhonya kwa chaka chathunthu ndi kumulipiritsa chindapusa cha ma franc 1,000 a ku Switzerland. Anthu otchuka ngati Sachin Tendulkar anamuikira kumbuyo, koma apo n'kuti madzi atafika kale m'khosi.

Ine ndikuti akuluakulu a zamasewera ayenera kuima ndi wosewera wawo akamadandaula za chigamulo chokayikitsa, ndipo ayenera kutero nthawi yomweyo, osati pakatha sabata ataona kuti anthu pa Facebook akwiya. Imeneyi si nkhani ya chifundo ayi. Ndi ntchito imene anapitira. Wosewera anapita kukasewera, kochi anapita kukamuwongolera, nanga bwana wovala jekete la mbendera uja anapita kukatani ngati si kukanyamula mapepala, ndalama ndi buku la malamulo pa tsiku ngati limeneli?

Otsutsana nane amati woweruza ndi woweruza basi, mawu ake ndi omaliza, ndipo tikalola aliyense wogonja kumakana zotsatira ndiye kuti masewera atha. Mfundoyi ili ndi mutu, sindikukana. Aliyense amene anaonerapo mpira wa m'madera amadziwa kuti timu yogonja siisowa chonamizira, ndipo woyimbira amathawa pa njinga ngakhale ataimba bwino. Koma mfundoyi imaimira pa chikhulupiriro chakuti majaji amalakwitsa mwangozi basi. Nkhonya yatiphunzitsa kuti si nthawi zonse.

Pa masewera a Olimpiki a ku Rio de Janeiro mu 2016, Michael Conlan wa ku Ireland anagonja kwa Vladimir Nikitin wa ku Russia mu kotafainolo. Conlan anapsa mtima, analoza majaji chala chamwano, n'kunena pa wailesi ya kanema kuti AIBA ndi yachinyengo. Anamulipiritsa ma franc 10,000. Nikitin uja, amene amati wapambana, anavulala kwambiri moti analephera kukamenya semifainolo. Masewera atatha, AIBA yomweyo inaimitsa oyimbira ndi majaji onse 36 amene anagwira ntchito ku Rio. Mlandu suola: mu Sepitembala 2021, kafukufuku wotsogoleredwa ndi Richard McLaren, katswiri wa zamalamulo wa ku Canada, anapeza kuti ku Rio kunalidi dongosolo lokonzeratu zotsatira za nkhonya, ndipo nkhonya ya Conlan inali m'gulu la zokayikitsa. Mu 2023 komiti yoyendetsa masewera a Olimpiki inasiyiratu kuvomereza bungweli, limene pa nthawiyo linali litasintha dzina kukhala IBA.

Kafukufukuyu anali wa ku Rio, ndipo sanatiuze kuti nkhonya ya Sarita ku Incheon inagulidwa. Koma bungwe limene linamulanga chifukwa chosowa ulemu ndi lomweli. Amene ankaphunzitsa osewera mwambo ndi amene anali ndi fumbi m'nyumba. Ndiye bwana amene akanauza Sarita kuti akhale chete pofuna kuteteza ulemu wa masewera, kwenikweni akanateteza ulemu wa ndani?

Funso limeneli likutifikitsa pa chimene ambiri safuna kunena. Akuluakulu a mabungwe a masewera m'mayiko amakhala ndi mitima iwiri. Wosewera ndi wawo, inde, koma amafunanso mipando m'makomiti a bungwe lalikulu, maulendo a ku misonkhano, ndalama za chitukuko ndi maalawansi. Kukwiyitsa mabwana a pamwamba n'kudzitsekera khomo. Wosewera amakhalapo zaka zisanu kapena khumi n'kupuma, pamene mpando umatha kukhala wa moyo wonse. Choncho mukamva bwana akunena kuti tiyeni tilemekeze chigamulo, muzifunsa kaye ngati akulankhula ndi mwambo kapena ndi mimba. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo pa nkhani ya nkhonya yeniyeni mawuwa akukhala bwino zedi. Wavomera udindo, vomeranso kudedwa ndi anzako a m'makomiti.

Kuima ndi wosewera sikutanthauza kuyambitsa chipolowe. Pa Olimpiki ya ku Seoul mu 1988, Byun Jung-il wa ku South Korea atagonja, makochi ndi akuluakulu ena a kwawo analowa mu ring'i n'kumenya woyimbira, Keith Walker wa ku New Zealand. Byun anakhala pansi mu ring'imo kupitirira ola limodzi. Kumeneko sikuthandiza mwana, n'kumuonjezera mlandu. Chodabwitsa n'chakuti pa masewera omwewo Roy Jones Jr wa ku America anaberedwa golide poyera pa fainolo yake ndi Park Si-hun, ngakhale anaponya nkhonya zolowa 86 pamene mnzakeyo analowetsa 32 zokha.

Thandizo limene ndikunena ndi lozizira mutu, ndipo limafuna munthu wodziwa ntchito. Taonani zimene zinachitika ku Paris mu 2024 pa masewera a jiminasitiki. Kochi wa Jordan Chiles wa ku America anapempha kuti malikisi aonedwenso, anawakweza, ndipo Chiles anatenga bronze m'malo mwa Ana Bărbosu wa ku Romania. Bungwe la ku Romania silinangoti zachitika zachitika. Linapita ku khoti la zamasewera la CAS, limene linagamula kuti pempho la a ku America linachedwa ndi masekondi anayi pa mphindi imodzi yololedwa. Mendulo inapita kwa Bărbosu, a ku America nawo n'kukachita apilo ku khoti la ku Switzerland. Atsikana onse awiri anazunzika m'maganizo, ndipo olakwa anali oyendetsa mpikisano. Komabe palibe mmodzi mwa iwo amene anasiyidwa yekha kuti azisaka ndalama ya dandaulo. Ngati nkhani ingathe kutembenuka ndi masekondi anayi, ndiye bwana amene wapita kukagula mafoni m'tauni pa nthawi ya mpikisano wamugulitsa kale wosewera wake.

Mayiko osauka ngati lathu ndi amene ayenera kumva kwambiri zimenezi. America ili ndi maloya, makamera akeake ndi atolankhani amene amveka kulikonse. Mnyamata wa ku Ndirande kapena mtsikana wa ku Mzuzu akafika pa mpikisano waukulu atakonzekera movutikira, alibe wina aliyense kupatula anthu awiri kapena atatu amene wapita nawo. Iwowo akakhala chete, nkhani yathera pomwepo.

Ndipo wosewera akapsa mtima n'kuchita zoonjeza ngati Sarita, bwana ayenerabe kukhala naye pa tsiku la mlandu. Akhoza kumudzudzula kuchipinda, chitseko chili chotseka. Koma pamaso pa komiti yopereka chilango azikumbutsa kuti mayiyu anayamba wadzera njira yoyenera, analipira madola 500, n'kuuzidwa kuti malamulo salola n'komwe kumva dandaulo lake. Ndalama analandira, khomo n'kumutsekera. Amene akufuna kuti osewera asamachite zionetsero pa nsanja ya mamendulo ayambe amenyera kuti lamulo ngati limenelo lisinthe, ndipo ulendo wina akamanyamuka aike padera ndalama ya dandaulo asanagawane maalawansi.