Kachipande ka Therere ku Manse

Mwezi wathawu ndidakhala nawo pa mwambo wotsanzikana ndi abusa amene adaweta mpingo wina wa kumudzi kwa zaka 7, ndipo poona mbuzi zomangidwa pamtengo, madengu a chimanga, nsalu za mayi busa ndi mbale za ndalama zikudutsa pamaso pa khamu la anthu, mtima wanga udakondwa ndithu. Komatu pobwerera ndidayenda ndi funso limene silidandichoke kufikira lero. Mawu okoma onse aja adali kuti pa zaka zonse zija, pamene munthu wa Mulunguyo ankapalasa njinga m'matope a dzinja kukagawa mgonero ku milaga yakutali, nabwerera usiku kudzapeza uthenga wa maliro ukumudikira pakhomo? Ambiri a ife tidazolowera kusunga chiyamiko monga asungira nsalu ya pa ukwati, kuitulutsa tsiku limodzi lokha, mwini wake atamanga kale akatundu, kapena atagona m'bokosi momwe sangamvenso kanthu.

Makolo athu m'chikhulupiriro adatisiyira mwambo wabwino koposa pamenepa. Pamene a Harry Kambwiri Matecheta, amene adagwira ntchito pakati pa Angoni a ku Ntcheu, adadzozedwa ubusa mu 1911, ndi pamene a Andreya Namkumba ndi a Namon Katengeza adadzozedwa mu 1925 kukhala abusa oyamba achikuda a mishoni imene idayambira pa Mvera mu 1889, mbusa ankayenda mitunda pansi, ndipo kumene dzuwa lamlowera nkumene Akhristu ankamuyalira mphasa ndi kumuphikira nsima. Mzimu umenewo ukadalipo mwa amayi a Chigwirizano, a Mvano ndi a Umanyano, amene amasenza ufa, nkhuni ndi nkhuku kukacheza ku manse, osadikira kuti abusa ayambe adandaula. Ine ndimauona ulendo umenewu ngati ulaliki woposa maulaliki ambiri a pa guwa, pakuti mayi wosenza mtolo wa nkhuni uja akunena ndi mutu wake kuti thukuta la mbusa waliona.

Koma akulu adati kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana, ndipo apa ndipemphe abusa athu, mwaulemu wonse woyenera udindo wawo, kuti andilole ndilankhule monga mwana wa mumpingo. Mkazi wa ku Sunemu atamangira Elisa kachipinda, naikamo kama, gome, mpando ndi choikapo nyali, mneneriyo sadayese zimenezo mangawa amene mkaziyo adayenera kulipira, koma adatuma mnyamata wake Gehazi kukafunsa chimene akadamchitira pobwezera. Paulo nayenso, polembera Afilipi, adayamika mphatso imene adamtumizira ndi Epafrodito, ndipo potsiriza kalata yake kwa Aroma adatchula abale ndi alongo mmodzimmodzi, kuyambira Febe, Priska ndi Akula, monga munthu wodziwa kuti ntchito sadaigwire yekha. Nanga lero bwanji? Ndaona ndi maso angawa wopereka envelopu yonenepa akuitanidwa kutsogolo ndi kuwomberedwa m'manja, pamene gogo amene wasesa tchalitchi Loweruka lililonse chiyambire utsikana wake sadamvepo dzina lake likutuluka m'kamwa mwa mbusa. Chimenechi chimandipweteka, chifukwa Ambuye wathu, atakhala pandunji pa mosungiramo zopereka, adasiya olemera onse natchula mkazi wamasiye wa timakobiri tiwiri.

Ndiponso tisaiwale akulu a mpingo. Kumene mbusa mmodzi ali ndi milaga yambiri, amene amalalikira Masabata ochuluka, kuyendera odwala, kuphunzitsa a kalasi ndi kugona pa siwa ndi iwowa, osalandira kanthu. Ndipo mbusa wowayang'ana ngati anyamata ake a ntchito wayiwala kuti mutu umodzi susenza denga.

Chimene chikundilemera koposa, komabe, ndi abusa opuma pa ntchito pamodzi ndi amayi busa amasiye. Munthu amene adatha mphamvu zake akusamutsidwa mpingo ndi mpingo, wosakhazikika pamodzi nthawi yokwanira kuti amange nyumba yakeyake kapena kudzala mitengo ya zipatso, tsiku lotuluka m'manse amabwerera kumudzi kumene adachokako ali mnyamata, ndipo ife amene adatibatiza, natimangitsa maukwati, naika m'manda makolo athu, timatembenukira kwa mbusa watsopano ngati kuti wakaleyo sadapondepo pakhomo pathu. Mwa akhate khumi aja amene Yesu adawachiritsa adabwerera kudzathokoza mmodzi yekha, ndipo ndikuopa kuti pa nkhani ya abusa okalamba ngakhale mmodziyo amasowa.

Tsono inu awerengi, amene mukukumbukira dzanja limene lidakuthirani madzi a ubatizo, funsani kwa alembi a mpingo kumene mwini dzanjalo akukhala tsopano, ndipo mwezi uno usanathe mukamuone ndi kathumba ka ufa akadali ndi makutu akumva. Inunso abusa, Sabata likudzali musanadalitse anthu kuti abalalike, tchulani dzina la gogo wosesa uja pamaso pa mpingo wonse.