Nkhondo ya Chiwaya m'manja mwa mwana wosaona

Sabata yatha mnzanga wina wophunzitsa History pasekondale ina yoyendera anandiitana kuti ndikakhale kumbuyo kwa kalasi yake. M'kalasimo, pakati pa ana ambirimbiri okonzekera mayeso a MSCE, muli mtsikana wosaona, anyamata awiri osamva ndi mnyamata wina amene amagwira zinthu mochedwa. Mutu wa tsikulo unali Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse.

Mkuluyu analowa opanda choko. Ananyamula katoni, ng'oma ndi kathumba ka mchenga, ngati munthu wopita kumsika. Atatula katunduyo anafunsa kuti: "Chiwaya n'chiyani?" Kalasi yonse inafa nalo phwete, chifukwa aliyense amadziwa pokazingira tchipisi. Apo m'pamene anawauza kuti agogo athu ankatchula mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza kuti chiwaya, ndipo nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Phokoso linatha. Ana anatchera khutu.

Pakatoni paja anamatapo chingwe chokhota ngati Nyanja ya Malawi, ndi nyemba zitatu: ina pa Mangochi, ina pa Karonga, ina pa Liuli, tsidya la Tanzania. Mtsikana uja anayendetsa chala pachingwepo pang'onopang'ono uku aphunzitsi akufotokoza. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi, Guendolen, inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ku Liuli, komwe nthawiyo ankati Sphinxhaven. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho magazi anakhetsedwa ku Karonga. Chala chinaima panyemba ya Karonga, ndipo mwanayo anafunsa kuti: "Aphunzitsi, ndiye kuti Mjeremani anali pakhomo pathu penipeni?" Ndi ana angati openya amene anafunsapo funso lotere atakopera manotsi chaka chonse?

Kathumba ka mchenga kanagwera mnyamata wochedwa kugwira zinthu uja. Anakasenza pamutu n'kuzungulira kalasi kawiri, thukuta kamukamu. Kenaka anamva kuti amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko muno anatengedwa kukakhala amtengatenga, kusenza katundu wa asilikali a Keyala, gulu lankhondo la Angerezi, wolemera makilogalamu oposa 20, tsiku ndi tsiku, ambiri opanda nsapato, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Mnyamatayo anatula kathumbako n'kufunsa kuti: "Nanga nkhondoyo inali yawo?" Limenelitu ndi dandaulo limene John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, miyezi iwiri asanaukire atsamunda pa 23 Januwale 1915. Mwana amene anthu amamunena kuti mutu wake sugwira anafika yekha pafunso la Chilembwe.

Anyamata osamva aja anagwira chikopa cha ng'oma pamene mnzawo ankaiomba, n'kumva kunjenjemera kwake m'zikhatho. Mphunzitsi wina amene anaphunzira za ana aulumali ku Montfort, ku Chiradzulu, anawafotokozera m'chinenero chamanja kuti malipenga a ku Nkhata Bay, mganda wa m'chigawo chapakati ndi beni wa ku Mangochi anatengera perete wa asilikali: makabudula, masokosi ofika m'mawondo, mizere yowongoka ndi maudindo. Posakhalitsa anyamatawo ndi amene ankatsogolera anzawo kuponda sitepe.

Ineyo ndinaphunzitsapo zaka zingapo, ndipo ndikuvomera mlandu. Ndinkadzaza bolodi ndi zaka ndi mayina a mapangano a ku Ulaya, n'kunena kuti "koperani." Mwana wosaona ankangomva choko chikulira. Wosamva ankangoona msana wanga, poti ndinkalankhula nditayang'ana kubolodi. Akalakwa mayeso, tinkagwirizana mu sitafurumu kuti History ndi yolemera, bola aisiye. Lero ndikuona kuti cholemala chinali kaphunzitsidwe kanga.

Ena anena kuti nkhani za nkhondo n'zoopsa, ana oterewa tiziwateteza. Pali choona pamenepo. Alipo ana amene phokoso ladzidzidzi limawasokoneza mutu kwa tsiku lonse, choncho kuwaonetsa filimu ya mabomba osawachenjeza n'kuwalakwira. Aliponso ana ngati a ku Dzaleka, ku Dowa, amene anathawa nkhondo ndi miyendo yawo. Kwa iwo mutuwu ndi chilonda chosapola. Mphunzitsi wanzeru amaneneratu zimene zikubwera, salowetsa zithunzi za mitembo m'kalasi, ndipo amalola mwana kutuluka panja mtima ukamuwawa. Koma kusamala n'kosiyana ndi kubisa. Mwana waulumali adzavota, adzamva andale akuyambanitsa mitundu, ndipo ayenera kudziwa kumene zoterezi zimathera.

Enanso anena za nthawi ndi zipangizo. N'zoona, silabasi ndi yaitali, mabuku a Braille ndi osowa, ndipo kutchula dzina ngati Versailles ndi zala, chilembo chimodzichimodzi, kumadya nthawi. Koma katoni, chingwe ndi nyemba zitatu sizidikira bajeti ya unduna. Komanso ndinaona ndi maso anga kuti ana opanda ulumali anapindula mofanana. Palibe anaodzera tsiku limenelo.

Mbiri ya nkhondo tili nayo pafupi. Dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu likuchokera kumalire a Kenya ndi Ethiopia, kumene asilikali athu analimbana ndi Ataliyana mu 1940. Ku Zomba kuli chipilala chokumbukira asilikali a Keyala. Ku Mangochi, pafupi ndi chipilala cha wotchi, kuli mfuti ya Guendolen yeniyeniyo, imene mwana wosaona angathe kuipapasa kuyambira kuthako mpaka kukamwa.

Aphunzitsi anzanga, pa 11 Novembala pamene dziko likukumbukira ogwa pankhondo, musawasiye ana awa m'kalasi kuti azilondera zikwama za anzawo. Atengeni kumalo amenewa. Amtengatenga aja anali agogo awonso.